Chikasu cha Mawondo a Mayi Tecla

Komiti ina ya zaumoyo ku Hatcliffe, itakhala pansi ndi kumwa tiyi wake, inalengeza pa chimkuzamawu pamjigo kuti aliyense womwa makapisozi a chikasu aziwamwera pa chakudya cha mafuta, ndipo aziwazapo tsabola wakuda pang'ono, chifukwa popanda zimenezi chikasucho chimangodutsa m'mimba osapereka ndi moni womwe. Wapampando anawerenga uthengawu m'Chishona, kenako m'Chingerezi. Za komwe mafutawo achokere, komiti inati idzakambirana pa msonkhano wina.

Mayi Tecla Sakala anamva izi ali pamzere, chigubu m'manja. Iwo anachoka ku Katete ali mtsikana, nakalambira m'nyumba za eni ku Borrowdale, dera la anthu olemera, kuchapa ndi kusita. Nyumba yomwe ankagwirako tsopano inali yosanja, ndipo nyamakazi inali itawagwira mawondo onse awiri. Masiku amenewo akamakwera masitepe ndi dengu la zovala, adona ankasiya foni n'kumawayang'ana. Ntchito ya m'nyumba imatha choncho: anthu amayamba kukuyang'ana.

Makapisoziwo anali akuwamwa kuyambira nyengo ya mvula. Koma ankamwa monga amamwera mankhwala kwawo: mbandakucha, asanalawe kanthu, kuti mankhwala apeze m'mimba mwayera.

"Ndiye inu, amayi, miyezi yonseyi mwakhala mukudyetsa chimbudzi," anaseka Asiya, mnzawo wa khomo loyandikana, yemwe amagulitsa zokometsera ndiwo ku msika wa Mbare. "Ife chikasu timakazinga m'mafuta, inu mukuchisalira kudya ngati Ramadani."

"Seka, mwana iwe. Ako mawondo akubwera."

Asiya anawapatsa tsabola wakuda m'kapepala. Mafuta ophikira sakanawaseweretsa, choncho Mayi Tecla anatembenukira ku chiponde, chija anansi awo amati dovi. Poona kuti miyezi yawatayikira, anaganiza zothamangitsa zinthu: ankatsegula makapisozi, n'kukanda ufawo ndi chiponde ndi tsabola, n'kuumba timibulu. Ankatimanga m'pulasitiki, n'kumadya kuseri kwa chitseko cha chipinda chositira, chifukwa wantchito womwa mankhwala pamaso pa bwana wadzilembera yekha kalata yotsanzika.

Kaya mawondo anapepuka kapena ndi mtima chabe, iwo eni sakanalumbira. Koma chikasu chikakumana ndi mafuta sichichoka pa chala.

Lachisanu lina akusita malaya oyera a abwana aamuna, anaona chidindo cha chala chawo pakolala, chachikasu ngati dzira. Anathamangira ku mpopi. Sopo anangochifiiritsa. Simbi inali itachiwotchera kale m'nsalu. Ali mkati mopikicha, anamva mapazi akutsika masitepe, mopepuka, mwa munthu yemwe mawondo ake sanamulankhulepo.

"Tecla, n'chiyani ichi?" anafunsa adona, atanyamula kolalayo ndi zala ziwiri.

Akananama kuti ndi supu. Koma kapulasitiki kanali poyera pathebulo, timibulu tikuonekera.

"Ndi mankhwala, madamu. A mawondo."

"Mawondo akukuvutani?"

"Pang'ono. Kukazizira basi."

Adona anayang'anitsitsa miyendo ya Mayi Tecla. Kenako anamwetulira, ndipo kumwetulirako kunawaopsa kuposa kukalipa.

"Bwanji simunanene? Inu ndinu wa m'banja muno. Malaya si kanthu. Pitani mukapume mwezi uno, muchire bwinobwino. Malo anu palibe angawatenge."

Anawapatsanso botolo la mafuta ophikira ndi kachigayo ka tsabola, kamtengo, kokongola, n'kuwaperekeza mpaka pageti. Mayi Tecla anathokoza mowomba m'manja. Anafuna kugwada, koma mawondo anakana.

Lachinayi lotsatira yunifomu yawo inali kwa telala, akuichepetsa m'chiuno kuti ikwane mtsikana wina.