Ndime Yachitatu ya Kalata Yanga

Chaka changa choyamba cha maphunziro a uphunzitsi ndinachitira kummwera, ndipo ndinadana nako kuyambira tsiku lomwe ndinatsika basi. Bambo anali atayamba kudwala chifuwa kwathu ku Kapondo, ulendo wa masiku awiri. Ndinkafuna kusamukira ku koleji ina yapafupi, komwe msuweni wanga, mwana wa azakhali, anali m'chaka chomaliza. Pamudzi ponse ankayembekezera iyeyo kuti ndiye adzakhale mphunzitsi woyamba wa mtundu wathu.

Patchuthi tikuswa mtedza pakhonde, anandiuza za kagulu kawo. Anali anyamata akumalire okhaokha, ankatchulana abale. Wina akadwala ankamuchapira, akafedwa ankamuperekeza mpaka kumudzi. Lamulungu masana ankakumana kuseri kwa nyumba ya ukalipentala, kukazinga chimanga n'kumamvera nkhani pa wailesi ya ku Zambia. Kwathu zimenezo sizinali zachilendo, wailesiyo inkamveka bwino kuposa yathu. Komabe mawu a wailesiwo msuweni anawanena motsitsa.

Sindinganame kuti sindinkadziwa nyengo yomwe tinalimo. Popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika, ndipo anthu atatu akaima pamodzi nthawi yaitali, wachinayi ankafuna kudziwa zomwe akukamba. Ndinkadziwa bwinobwino. Vuto langa linali kukonda kutamidwa, makamaka pa Chingerezi.

Kalata yopempha kusamuka inkayenera kufotokoza chifukwa, komanso zomwe munthu akachite pa moyo wa pakoleji. Ndime yoyamba ndinalemba za matenda a bambo, yachiwiri za mayeso omwe ndinakhoza. Zikanakwana. Koma pepala linatsala theka, ndipo dzanja linandiyabwa. Ndinalemba kuti sindine munthu wodzipatula, kuti ndamva za abale akumalire omwe amakumana Lamulungu, kuthandizana ndi kutsatira nkhani za dziko lapansi pa wailesi ya kutsidya, ndipo ndikufunitsitsa kulowa nawo. Ndinaonjezera kuti wandiuza ndi msuweni wanga, n'kumutchula dzina ndi kalasi yomwe, poganiza kuti akhala mboni yanga. Ndinatsekera ndi mwambi wa mutu umodzi susenza denga, wotembenuzidwa m'Chingerezi. Ndinaiwerenga katatu ndikudzinyadira. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Yankho linabwera: andilandira, ndikayambe teremu yotsatira. Nditafika kumudzi ndi uthengawo ndinapeza msuweni ali kale kumeneko, akusoka fodya m'chigafa pamene anzake ankakonzekera mayeso omaliza. Amayi anandinong'oneza kuti amuchotsa sukulu pamodzi ndi anzake awiri, atawasunga kuboma masiku angapo akuwafunsa mafunso. Palibe ankadziwa yemwe anawanenera. Azakhali ankaloza mnyamata wina wa ku Chiosya, n'kumamutemberera tikudya. Ine ndinkangogwedeza mutu, ndikudziwa kuti ndi kalata yanga ija.

Sabata zitatu ndinamuzemba. Iye akalowera kudimba, ine ndinkalowera kumsika.

M'mawa wa tsiku lonyamuka azakhali anabwera ndi sutikesi yachitsulo ya mwana wawo, mkati muli bulangeti ndi mabuku ake.

"Tenga, mwanawanga," anatero. "Mnzakoyu sazifunanso. Ukaphunzire m'malo mwake, koma ukasamale ndi anthu, ena pakamwa mpoola."

Anauza msuweniyo kuti andisenzere mpaka pa siteji. Tinayenda njira yonse osayankhulana, ife amene kale tinkanyozana mwachisuweni mpaka akulu kutiletsa. Basi itaoneka, anatula sutikesiyo n'kupukuta manja pa kabudula.

"Kalata yako anatiwerengera kuboma kuja," anatero. "Yonse, kawiri."

Ndinasowa poyang'ana.

"Amayi anga usadzawauze, sangapirire. Koma Chingerezi umachitha, msuweni. Ngakhale omwe ankatifunsa aja anayamikira."

Anakweza sutikesiyo pamwamba pa basi, n'kuuza kondakitala kuti aimange bwino chifukwa loko wake ndi wofooka. Ndaphunzitsa ana mpaka kupuma pa ntchito, iye wakalambira m'munda wa fodya. Azakhali anamwalira akunditchabe mwana wawo wabwino.