Buku la alamu ndi mwendo wa mng'ono wanga

Alamu anga ndi telala, ndipo ntchito amaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Makina awo amakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, pakati pa wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa mabatani. Koma mtima wawo wonse unali pa buku. Ankafuna kulemba mbiri ya moyo wawo, ati dziko lidziwe kuti telala nayenso ali ndi mutu. Anzawo a pakhonde anawapatsa dzina loti Alembi, iwo n'kumalinyadira, osadziwa kuti akusekedwa.

Chaka chimene anayamba kulemba ndi chomwe mkazi wawo, mng'ono wanga, anadwala sitiroko. Dzanja linachira, koma mwendo wamanzere unatsalira. Kuchipatala sanatibisire. Anati mwendowo uziwongoledwa ndi kupindidwa m'mawa uliwonse, kenako wodwala agwiriziridwe aziyenda kuchoka pabedi mpaka pakhomo. Mukalekerera, uuma.

Ndiye alamu anakhala pansi n'kuyamba kuyeza tsiku ngati nsalu ya suti. Masana ndi a makasitomala. Madzulo maso amakhala atatopa ndi singano. Kunatsala m'mawa basi, nthawi yomweyo ya mwendo. Anandifotokozera chala chili m'mwamba: "Alamu, kulemba kuli ngati msoko, mukadumpha malo amodzi, wonse umamasuka. Mwendowu tiziwongola madzulo."

Madzulo ake ati? Ankafika ali wefuwefu, n'kudinadina bondo lija ngati akusankha tomato pamsika, basi kwatha. Ine ndimakhala kutali, ndimasesa pasukulu kuyambira mbandakucha, choncho ndinkabwera Lamlungu lokha. Ndinkawakalipira mpaka mawu kusasa, iwo n'kumangogwedeza mutu ngati akumva. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'choti mwini mwendoyo ndiye ankawaikira kumbuyo.

"Asiyeni, achemwali," ankatero mng'ono wanga. "Moyo wawo wonse akhala akusokera anthu ena. Ichi chokha ndiye chawo."

Kulemba ndiye ankalembadi, chimfine kaya maliro, tsiku silinkawadutsa. Lamlungu lina anatiwerengera mutu wa momwe anakumanira ndi mkazi wawo. Ati ali mtsikana ankayenda mothamanga moti iwo ankamutsatira akupuma movutikira. Mawu ake okoma zedi, ine mpaka misozi inalengeza, ndipo zinandinyansa kuti yalengeza. Mwiniwake ankamvetsera ali chigonere, mwendo utakhwinyata pansi pa bulangete.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala tinapita tonse atatu. Dokotala anaukoka mwendo uja, mng'ono wanga anakuwa, mwendo osatheka kuwongoka. Anatiyang'ana n'kufunsa kuti amauwongola ndani. Ine ndinatembenukira kwa alamu. Ndiye dokotalayo anati basi, munthuyu sadzayendanso yekha, tifunefune njinga ya olumala. Alamu analira pakhonde la chipatala, kulira kwenikweni, mamina ali chuchuchu, mpaka ine ndinawagwira paphewa. Ndinati mumtima, kaya mwina tsopano amva.

M'mawa mwake ndinapempha kuntchito kuti ndikamusambitse mng'ono wanga. Nditatenthetsa madzi panja, ndinalowa n'kupeza alamu ali patebulo, maso otupa, cholembera chili m'manja. Asanandipatse n'komwe moni anatukula mutu.

"Alamu, mwabwera bwino. Dzulo dokotala uja atawakoka mwendo, mayiwa anakuwa kaye, kapena dokotala ndiye anayamba kulankhula? Ndikufuna ndilembe ndendende momwe zinachitikira."

Ndinali ndi beseni la madzi otentha m'manja, ndipo Mulungu yekha ndiye akudziwa chimene ndinaganiza. Koma mawu anachokera kuchipinda, ofatsa bwinobwino.

"Ndinayamba kukuwa ndine, bambo. Lembani, musadumphe."