Mwendo wa Apongozi M'khwapa Mwanga

Amwene, khalani pansi. Inu mukuwerenga muli chiimire pa siteji, pezani njerwa mukhalepo. Inenso ndikulemba nditakhala chopendekeka, chifukwa nthiti zakumanzerezi sizikufuna kuti ndiwongoke.

Amene mumandiwerenga sabata ndi sabata mukudziwa kale kuti ine sukulu yanga ndi foni. Kukonza chaja ndinaphunzira pafoni. Kumeta, pafoni, ngakhale mnzanga Yohane wakabaza mpaka lero amathina chipewa akandiona ndagwira mashini. Ndiye mwezi wathawu foni inayamba kundibweretsera mavidiyo a karate.

Munali mkulu wina wadazi, akuphunzitsa zoyenera kuchita munthu akakuponyera theche. Akuti ukhoza kubwerera m'mbuyo mwendo ungodutsa mphepo. Ukhozanso kukweza bondo, theche lifikire pa msongolo. Koma imene inandiba mtima ndi yachitatu: theche likamabwera kunthiti, iwe umasendera pambali pang'ono, n'kuukolowola mwendowo, n'kuupanira m'khwapa. Gwi!

Eee, zokongola bwanji!

Atagwira mwendo uja, wadaziyo anayang'ana mu kamera n'kuloza chala pansi, kutanthauza kuti zotsatira zili mu gawo lachiwiri. Pompo bandulo yanga inatha. Kutacha ndinagula ina, koma foni inandilonjera ndi vidiyo ya mbuzi itakwera njinga yamoto, ndipo ndinaionera kasanu. Za gawo lachiwiri ndinangoti aaa, chatsalanso n'chiyani? Munthu wamugwira mwendo, nkhani yatha.

Kwa masabata atatu ndakhala ndikuyesana ndi Yohane kuseri kwa kashopu kanga pa Lirangwe. Koma Yohane amamenya theche mwachibale. Amayamba wafunsa: "Aise, wakonzeka? Ndikubwera ndi wakumanja." Kenako mwendo umakwera pang'onopang'ono ngati akutsika panjinga. Ine gwi! Iye amvekere, "Wandigwira, dolo." Ndimamusiya, n'kuombana m'manja. Sabata yachiwiri isanathe ndinali nditalemba kale pa sitetasi kuti pa Lirangwe patuluka katswiri.

Tsopano mvetserani bwino, nkhani yagona apa.

Pali mtsikana, dzina lake Tiyamike. Amaimba alito mu kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo amalume anga akuyenera kupita kwawo kumapeto kwa mwezi uno kukayamba nkhani. Bambo ake ndi a Makwinja, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, munthu wovala jekete ngakhale dzuwa likung'amba miyala. Ndinamva mphekesera kuti anafunsapo kunyumba kwawo: "Kodi mnyamata uja, kupatula kuweramira foni, chimene amachidziwa mpaka kumapeto n'chiyani?"

Mawu amenewa anandibaya. Ndiye nditamva kuti Loweruka kuli tsiku la achinyamata pabwalo la tchalitchi, ndinathamangira kwa atcheya kuti andiike pa pulogalamu, pakati pa netibolo ndi kwaya. Chionetsero cha kudziteteza, ine ndi Yohane. Ndinati tsiku limenelo mdala aona.

Tsikulo, nthawi yanga itangotsala pang'ono, foni inalira. Yohane.

"Aise, ndapeza kasitomala wa ku Chileka, ali ndi zikwama, akuthamangira ndege. Sakako wina."

"Yohane, ndisake wina kuti?"

Anadula.

Munthu wanzeru akanati mutu ukupweteka. Ine ndinatenga maiki. "Alipo pano wodzimva mphamvu? Abwere andimenye theche, lililonse limene akufuna!"

Anyamata a kwaya akungoyang'ana nsapato zawo. Mtima wanga unayamba kukhala m'malo. Kenako kumipando ya akuluakulu kunamveka kwee, mpando ukusunthidwa.

A Makwinja.

Anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino, n'kupatsa akazi awo. Anavula nsapato, masokosi n'kulowetsa m'kati, limodzi uku lina uku.

"Abambo ake Tiya, msana uja," anatero amayi a Tiyamike.

"Msana uli bwino, mayi. Gwirani magalasiwa."

Ndinayang'ana kwa Tiyamike. Anali atabisa nkhope ndi pepala la pulogalamu.

Anafika patsogolo panga n'kuwerama pang'ono, manja m'mbali. Ine poganiza kuti ndi moni wa masiku onse, ndinawerama kuposa iwo, ndikuomba m'manja chapansipansi: "Mwaswera bwanji, bambo?" Kenako ndinaima mmene amaimira wadazi uja, kudikira kuti afunse ngati ndakonzeka.

Amwene, sanafunse.

Pha! Sindinauone n'komwe mwendowo. Ndinangomva nthiti zikuyankhula zokha.

"Kumeneko n'kugogoda chabe," anatero. "Tsopano ndikulowa."

Lachiwiri ndinaliona. Kaya ndi mantha kaya ndi mapemphero a mayi anga, thupi linachita lokha: kusendera pambali, kukolowola, gwi! Mwendo wa a Makwinja uli m'khwapa mwanga, manja anga onse awiri atauzinga ngati ndagwira nkhuku yothawa. Bwalo linaphulika. Amayi a mvano nthungululu. Atcheya kukuwa dzina langa pa maiki.

Ndiye ine mutu unathamangira ku vidiyo kuti undiuze chotsatira. Unangondibweretsera wadazi uja akuloza chala pansi.

Basi. Mulibe kanthu.

Taganizani. Ndaima pakati pa bwalo, mpingo wonse ukuona, ndanyamula phazi la munthu amene ndikufuna akhale apongozi anga, ndipo sindikudziwa kopita nalo. Kuusiya, manyazi. Kuukoka, ndiukokere kuti? Iwo ali phee ndi mwendo umodzi ngati kakowa m'dambo, osagwedezeka n'komwe.

Ananong'ona, kuti ena asamve: "Wagwira bwino. Ndiye pano utani?"

"Bambo... apa m'pamene vidiyo inathera."

"Inathera apa?"

"Eya. Bandulo, bambo."

"Oho. Manja ako onse awiri ali kuti?"

"Pamwendo wanu, bambo."

"Nanga mutu wausiyira ndani?"

Ndisanayankhe, zala ziwiri zinali zitagwira khutu langa. Kagwiridwe kaja ka aphunzitsi akale, kopotokola pang'ono, koti ngakhale uli ndi ndevu umakumbukira sitandade folo. Anandiyendetsa nalo khutulo, iwo akudumpha ndi mwendo umodzi, ine ndikutsatira ndi mwendo wawo m'khwapa, kuzungulira bwalo ngati tikuvina. Kenako anapinda bondo, kundikokera pafupi, n'kuwongola mwendo kamodzi. Ndinapezeka ndakhala pafumbi, miyendo m'mwamba.

Yohane asanabwere kuchokera ku Chileka, vidiyo ya kugwa kwanga inali itamupeza kale pagulupu. Imeneyo ndiye anthu anaionera mpaka kumapeto.

A Makwinja anatenga maiki osapuma n'komwe mwabefu. Kani ali mnyamata anasewerapo karate zaka zingapo ku Ndirande, ndipo ngakhale mwana wawo amangozimva ngati nthano. Anauza achinyamata kuti mwendo sagwira kuti ausunge. Ukaugwira, pompo lowa mkati umutchere ndale mwendo waimawo, kapena utayire kumbali uthawe, ndipo dzanja limodzi lizikhala likulondera nkhope. Anatinso njira imene iwo amaikonda kwambiri ndi yoyamba ija, yosendera m'mbuyo kuti theche likafika lisakupeze. Yomwe ija ine ndinaidumpha chifukwa sinkaoneka bwino pa sitetasi.

Musandiseke kwambiri, amwene. Nonse ndinu ine.

Ndi angati mwa inu munaonerapo vidiyo mpaka pomwe imathera? Timaona masekondi makumi atatu, basi tasanduka madokotala. Mnzanga wina anaonera theka la vidiyo yopangira manyowa, n'kuotcha nawo mbewu za apongozi ake, chifukwa zoti uyembekeze awole zinali kumapeto. Pagulupu munthu amaponya uthenga wamawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri, ife timamva yoyamba yokha, n'kuyamba kutukwanizana mpaka adimini kutseka gulupu. Nkhani timawerenga mutu wokha, kenako pa siteji timafotokoza ngati tinaliko.

Kugwira timatha. Bizinesi timaigwira, chibwenzi timachigwira, udindo wa mu komiti timaugwira ndi manja onse awiri. Zatithera pomwepo. Timangoima nazo m'khwapa, tikumwetulira kamera, khutu lili pamtetete.

Ndiye palinso a Yohane. Aliyense ali naye Yohane wake, mnzako wokukonda amene amakuponyera theche lofunsa kaye ngati wakonzeka. Ukaponya chithunzi, iye amvekere moto. Ukaimba mophotchola, amvekere dolo. Masabata atatu onse aja sanandifunseko ngakhale kamodzi kuti aise, wandigwira, ndiye kenako? Nditamufunsa chifukwa chake anati, "Ine ndimaona ngati gawo lachiwiri ukulidziwa, ukungondimvera chisoni."

Koma nkhani sinathere pafumbi paja.

Anthu akubalalika, a Makwinja anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Jekete atavala kale, magalasi ali m'maso, ngati si iwo.

"Ndamva amalume ako akufuna kubwera kumapeto kwa mwezi."

"Eya, bambo."

"Loweruka likubwerali ubwere kunyumba. Tiyesanenso, pabwalo panga, popanda maiki. Ukaonere gawo lachiwirilo. Ukandigwira mwendo, umalize. Ukandigwetsa, amalume ako abwere, ndiwalandira."

"Bambo, ine kukugwetsani inu..."

"Ndaphunzitsa ana zaka zambiri. Wodziwa yankho n'kulemba dala zolakwika ndimamuzindikira. Ukandinyengerera ndidziwa, ndipo amalumewo asavutike ndi ulendo."

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda chokhota. Ndinagula bandulo yaikulu, ndinafufuza wadazi uja mpaka ndinamupeza, gawo lachiwiri ndinalionera kakhumi, osadumpha ngakhale sekondi. Ndi zomwe zija ananena mdala: dzanja limodzi kunkhope, phazi lilowe kuseri kwa chidendene chake, phewa likankhe. Ndinayesa pa Yohane Lachiwiri, nditamuletsa kufunsa ngati ndakonzeka. Anagwa ngati thumba la chimanga lochoka pa kaliyala. Pano akuti ali bize mpaka chaka chamawa.

Ndiye ndale ndikuitha tsopano. Ndikhoza kuwagwetsa.

Dzulo masana, ndikusangalala choncho, uthenga unalowa. Tiyamike.

"Ndamva za Loweruka. Adadi msana uja unawagoneka mwezi wathunthu chaka chatha, amene ankawatembenuza ndine. Ukawagwetsa, nambala yangayi uifufute."

Ndinayankha kuti nanga ndikapanda kuwagwetsa, amalume abwera bwanji? Anawerenga. Timizere tiwiri tija tinasintha mtundu. Mpaka pano sanayankhe.

Ndafufuza pafoni monse, amwene. Wadazi uja alibe gawo lachitatu.

Loweruka ndi mkuja. Tinene kuti ndinu, mwaima pabwalo la a Makwinja, mwendo wawo uli m'khwapa mwanu, phazi lanu lafika kale kuseri kwa chidendene chawo. Iwo akukuyang'anani m'maso, Tiyamike akusuzumira pawindo. Mukankha, kapena muusiya?