Mbewa za Ndolo

Ndikukumbukira chaka chimene mbewa za kwathu ku Mwase Lundazi zinayamba kuvala ndolo. Ndinali giredi 5, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Kumtunda kwa dambo lathu kunali siteshoni ya kafukufuku: nyumba ziwiri za malata, thanki ya madzi, ndi galimoto imodzi yolira pokhapokha ikakankhidwa. Anthu ake ankayeza madzi a m'dambo ndi kukhoma manambala pa mitengo ya m'nkhalango. Wamkulu wawo anali mayi wochokera ku Lusaka. Tinkawatcha a Dokotala, ngakhale kuti sanachizepo munthu ndi chipere chomwe. Atate anali mlonda kumeneko, ntchito yokhayo ya yunifolomu m'banja mwathu.

A Dokotala ankatchera mbewa ndi timabokosi ta malata, nyambo yake chiponde. Mbewa ikalowa ankaiyeza pasikelo, n'kuiveka kachitsulo ka nambala kukhutu, kenako n'kuimasula. Kuimasula! Ife tinkakumba una tsiku lonse, dzuwa lili pamsana, phulusa la lupsa lili m'mphuno, kuti tipeze kapuku mmodzi wowonda. Pamene apa mbewa zonona ndi chiponde zinkangodikira m'mabokosi.

Ine ndinaona kuti kumeneko n'kutaya ndiwo. M'mawa uliwonse popita kusukulu ndinkadzera m'nkhalango, kukhuthula mabokosi, kunyambita chiponde chotsala, n'kuwatcheranso bwinobwino. Ndolo ndinkazichotsa n'kusunga m'kabokosi ka machesi. Amayi ndinawauza kuti ndasanduka mlenje, ndipo anakhulupirira.

Patatha milungu iwiri atate anabwera kunyumba ali ndwii. A Dokotala anali atawauza kuti mbewa zawo zikusowa, ndipo amene akuzidya ndi mlonda. Zikasowanso sabata imeneyo, atate asiye yunifolomu ndi jombo pageti.

Mwatsoka, masana omwewo amayi anatiikira mbewa zofutsa za dzulo lake. Atate akutafuna mutu wa chitute, tinangomva kuti khwa! Analavulira m'manja, napukuta kachitsuloko ndi chala, nawerenga.

"Fote seveni," anatero pang'onopang'ono. "Iwe Yotamu, mbewa iyi masamu inaphunzila kuti?"

Sanandimenye. Anangondigwira khutu kuchokera pakhomo mpaka kusiteshoni, kabokosi kanga ka ndolo, kamene anandilanda, kali m'thumba lawo. Tinadutsa m'madimba azimayi akuthirira repu, onse akutiyang'ana.

"Madamu," anatero atate titafika, "kawalala wakuba mbewa zanu ndi uyu. Nyama tinadya tonse, koma ine n'nadya mosadziwa."

A Dokotala anakhuthulira ndolo patebulo, naziyala mwadongosolo. Sanaseke, ndipo sanakalipe. Ananyamula imodzi.

"Iyi unaigwila kuti?"

Ndinawauza kuti m'bokosi la pafupi ndi chulu, inali phanya, yaikazi, yonona kwambiri. Ananyamula ina, ndinayankhanso. Zonse ndinkazikumbukira, pakuti mwana saiwala chimene anadya. Analemba masamba atatu m'buku lawo, kenako anauza atate kuti abwerere pageti. Atate anakonza chipewa, natuluka osandiyang'ana.

Chilango changa anachiganiza a Dokotala okha. Loweruka lililonse mpaka mvula kugwa ndinkayendera nawo mabokosi, ndipo womasula mbewa ndinali ine, ndi manja angawa. Mbewayo inkachita kaye kuima, kundiyang'ana, n'kulowa m'udzu mosafulumira. Pali maliro ena amene ndapitako osamva chisoni chofika pamenepo.

Siteshoni inatsekedwa kalekale. Mitengo ya manambala inathera m'mabani, m'ng'anjo zoumitsira fodya, ndipo dambo masiku ano limauma chisanu chisanathe. Mwana wanga, amene ali pasukulu ku Chipata, anandifunsa tsiku lina kuti m'nkhalangomo munali mbewa za mitundu yanji. Ndinamutchulira yonse, uliwonse ndi kakomedwe kake. Iye analemba m'foni, kumaso akuchita nseru. Atapita kuthengo lero angapeze mitundu iwiri kapena itatu basi. Inayo yatsala pamalo awiri: m'buku la a Dokotala, ngati chiswe sichinadye, ndi palilime langa.