Ndinadzisaukitsa Pawindo la Viza

Ku Kwekwe kuno ndimagulitsa nsapato za kaunjika kwa makorokoza, anyamata okumba golide, ndipo pa zonenerera mtengo palibe amandiposa. Lamulo langa n'limodzi: usamaoneke wolemera.

Mwana wanga Esinati atandiitanira ukwati wake ku Ulaya, ndinapita ku Harare kukapempha viza ya Shengeni, ija yoti ukalowa dziko limodzi enawo umangodutsa. Ndinavala dala jekete long'ambika, ati anditsitsire mtengo.

"Bambo, muli ndi chiyani choti chidzakubwezeni kuno?" anafunsa mayi wapawindo la ofesi ya viza.

"Ine? Palibiretu, amayi! Nyumba ndi yalendi, bizinesi inafa kalekale."

Bodza lokhalokha. Nyumba ya ku Mbizo, dera la m'Kwekwe momwemuno, ndi yangayanga, malonda akuyenda bwino.

Patatha masabata awiri pasipoti inabwera ndi kalata: sakukhulupirira kuti ndidzabwerera kwathu. Ndinakhala pansi pafumbi pamalo okwerera makombi, maminibasi akwathu kuno, kukamwa kuli yasa. Kani amafuna munthu wokhala ndi zake!

Esinati anaimba foni akulira. "Ababa, akuti chalakwika n'chiyani?"

"Anthu aja ndi ankhanza basi, mwanawe," ndinatero.

Ukwati ndinauonera pafoni, ndipo mpaka lero mwanayo akuwakwiyirabe anthu a viza aja.