Mano Amene Ndinawaika a Alufandika

Ndinayambitsa ndine, ndipo musayembekeze kuti ndipepesa.

Ntchitoyo ndinaipeza pa holide ndili Fomu 2. A Manuwele, mwini situdiyo ya zithunzi kuseri kwa msika wa Limbe, ankafuna mnyamata wodziwa Chingerezi, ndipo amayi anga ankafuna kuti ndichoke pakhomo ndisanawotche nyumba. Anagwirizana kutchalitchi, ine osafunsidwa.

Tsiku loyamba a Manuwele sanandipatse kamera. Anandiimika pazenera n’kuyamba kuloza. “Ife timangoti chithunzi, chithunzi. Azungu amasiyanitsa. Ichi ndi photograph, chimene kamera yaona, basi. Ichi portrait, nkhope ya munthu amene wakhala dala kuti ajambulidwe. Sketch n’cha pensulo, chothamanga. Painting n’cha burashi, dzanja limaika zimene lafuna. Ukasokoneza, ndikusokoneza makutu.”

Sankandikhulupirira, ndipo sindiwadandaula. Ankawerenga mapepala ojambulira m’mawa ndi madzulo. Nawonso anthu sankatikhulupirira ifeyo. Masiku a Chitaganya ano, munthu akaona kamera amayamba wafunsa ngati nkhope yake ikathera ku boma. Ntchito yanga inali yoviika mapepala m’mbale zitatu m’chipinda chamdima, yoyamba yotulutsa nkhope, yachiwiri yotsukuluza, yachitatu yoti isafufute, kenako kuyanika pachingwe. Ataona kuti dzanja langa silinjenjemera, anandipatsa kaburashi kofufutira timadontho. Apo ndiye analakwitsa.

Kunabwera a Alufandika, bambo wa ku Port Herald wogwira ntchito yonyamula katundu pasiteshoni. Abale awo anawapezera mbeta kumudzi, ndipo kuchikazi ankafuna kuona nkhope kaye. Tinawabwereka jekete ya situdiyo. Anali ndi dazi, chipsera patsaya, ndipo mano awiri akutsogolo anatsala m’thumba la chimanga limene linawagwera. Titawajambula anandinong’oneza, “Mphwanga, undikonzeko pang’ono.”

Pang’ono? Ndinawabwezera mano onse awiri. Ndinafafaniza chipsera. Ndinadzala tsitsi, n’kulipatula mzere pambali. Poona kuti utoto watsala, ndinawaveka wotchi. A Alufandika analandira chithunzicho, anachiyang’ana nthawi yaitali, n’kuchitumiza.

Loweruka lina kunalowa nkhalamba yovala chikhoti chachikulu, a Alufandika ali pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Anali a Semba, bambo a mtsikanayo. Anaponya chithunzi chija patebulo.

“Munthu uyu ali kuti?”

“Ndi awa aima apawa,” anatero a Manuwele.

“Mukundiyesa mwana? Ndakwera sitima kudzaona mkamwini, pasiteshoni pandilandira bambo ake. Ndinamva ine kuti kutauni kuno mumaonetsa munthu wina, kukwatitsa wina. Mwana wanga simumutenga. Uyu wa manoyu mwamubisa kuti?”

“Bambo, ndine ndemwe,” anatero a Alufandika, dzanja lili pakamwa.

“Chotsani dzanjalo tione!”

A Manuwele anatenga galasi lokulitsira, kuyang’ana manowo, kenako kuyang’ana ine. Ine ndinali kalikiliki kupukuta botolo louma kale. Anayesa kufotokoza kuti ichi chinayamba ngati photograph koma chathera ku painting. A Semba anati Chingerezi ndi chimene akuba amayankhula akagwidwa. Ukwati unali ukutha ndikuona, ndipo ndivomere, chisoni chinandigwira pang’ono, poti a Alufandika anali atayamba kulipira malowolo ndipo maso awo anali atafiira.

“Mwayi wake mnyamatayu sanakhudze negativi,” anatero a Manuwele, akutulutsa filimu imene inachokera m’kamera. Anakokera nkhalambayo m’chipinda chamdima. Inakana kutseka chitseko mpaka inaika phazi pakhomo, kenako inalola. Pansi pa getsi lofiira, pepala loyera linalowa m’mbale yoyamba. Linatuluka dazi. Chinatuluka chipsera. Kenako mpata uja wa mano, jekete yomweyo, mpando womwewo.

A Semba anayerekeza zithunzi ziwirizo, n’kusuzumira m’mbale ngati muli munthu wina wobisala. “Uyu ndiye ndamuona akubadwa m’madzi ndi maso angawa,” anatero. “Wonyansa, koma ndi mmodzi. Ameneyu ndikamuonetsa mwana wanga, akasankhe yekha.” Atafika pakhomo anabwerera. “Nanga wotchi ija?”

A Alufandika anagula wotchi mwezi womwewo. Mtsikanayo anavomera, akuti chifukwa munthu wa dazi sangamusiye.

Chimene ndinatolapo n’chakuti ndikaona chithunzi chilichonse, ngakhale cha bwanamkubwa m’nyuzipepala, ndimayamba ndafunsa kuti padutsa dzanja la yani.

Chilango changa chinali chotere. A Manuwele anandikhazika pampando uja, amayi atandigwira khutu, n’kundijambula. Chithunzicho anachipachika pazenera kuti Limbe yense aone, pansi atalemba kuti photograph. Chinakhala choncho mpaka Lolemba. Lachiwiri anapeza pachithunzipo ndili ndi ndevu zapamlomo, tayi, ndi dzino lagolide, ndipo mawu apansi aja ndinali nditawakonza kuti painting. Ananditchaya khofi, koma sanachichotse. Makasitomala atatu anabwera kudzafunsa mtengo wa dzinolo.