Chigamulo cha Kwathu Chinakanika pa Geti la Sukulu

Ukwati wathu unathera kumudzi, osati kuno. Tinapita tonse ku maliro a bambo anga, ine ndi bambo a mwana wanga, ndipo titangoika maliro ankhoswe anatikhazika pansi, poti nkhani zathu anali atazimva kale pa foni, za mkazi wina uja ndi za makofi. Zitakanika pa mkeka zinapita ku khoti la pa boma. A majisitireti anati ukwati watha, mwana akhale ndi mayi ake, bambo akafuna kumuona azidzera kwa ankhoswe. Anatipatsa pepala la chidindo. Tinabwerera kuno ku Leicester, ku Mangalande, ndege zosiyana, ine ndi mwana kukafikira m'kachipinda ka pamwamba pa butchala ku Spinney Hill, iwo kwa mkazi wawo watsopano ku Belgrave.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Chimene ndinkadziwa n'chakuti khoti likalamula lalamula, kaya uli ku Dedza kaya uli kuti. Ndiye mtima unali m'malo.

Tsiku lina m'nyengo yozizira basi inachedwa pochokera ku nyumba ya okalamba kumene ndinkakilina. Ndinathamanga kuchokera pa siteji mpaka ku sukulu, mpweya ukuwotcha pakhosi, kufika pa geti ana atuluka kale, amayi anzanga akukoka awo kumka kwawo, wanga palibe. Ndinayang'ana pa katungwe, ndinayang'ana kuseri kwa khomo. Aphunzitsi anandiuza kuti bambo ake amutenga, akumwetulira ngati akundiuza nkhani yabwino.

Anamubweretsa nthawi ya chakudya chamadzulo, atanyamula tchipisi m'manja. Ndinawafunsa pa masitepe pomwepo, chapansipansi kuti abutchala asamve, kuti kodi khoti linati chiyani.

"Khoti liti? Majisitireti wako uja akwere ndege adzandiletse. Pepala limenelo ukulungire zitumbuwa."

M'mawa mwake ndinalitengera kwa ahedi. Anali mayi aulemu, analilandira bwinobwino n'kuliwerenga mpaka pansi. Kenaka anandifotokozera pang'onopang'ono, poona kuti Chingerezi chikundidutsa, kuti dzina la bambo lili pa setifiketi yobadwira ya mwana, ndiye sukulu singawakanize pokhapokha khoti la kuno litalamula. Ndinaloza chidindo. Anagwedeza mutu n'kundifunsa ngati ndingamwe tiyi.

Ndinaimbira malume kumudzi, amene anali nkhoswe wanga. Sanamvetse ngakhale pang'ono. Anafunsa ngati azunguwo sadziwa kuti khoti ndi khoti. Anayenda pa njinga kukaonana ndi nkhoswe wa kuchimuna, nkhosweyo anati aimba foni, foni yake sinayankhidwe. Kwathu munthu akanyozera chigamulo ankhoswe amakamukhalira pakhomo mpaka achite manyazi. Kuno khomo lake akanalipeza bwanji? Malume anati ndipeze akuluakulu konkuno akhale m'malo mwawo.

Choncho Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi tinakumana ku Wigston, kwa mkulu wa mpingo wathu. Akazi awo, amene ndi anesi, anatilandira, n'kukhala pakona osanena kanthu. Ine ndinakhala pansi pa kapeti miyendo yotambasula monga ndinaphunzitsidwira, bambo a mwana pa sofa, foni pa bondo. Titapemphera anayamba iwo. Amatha kuyankhula anthu aja, Chichewa pang'ono Chingerezi pang'ono, mpaka misozi inalengeza ponena kuti akumanidwa magazi awo. Itafika nthawi yanga ndinkangobwereza kuti khoti linanena, khoti linanena.

Akulu a mpingo anati tonse tili ndi mbali yathu, koma chachikulu nkhaniyi isafike kwa azungu.

"Mayi, mukangoponda m'khoti la kuno, a sosho afika. Akadzaona kachipinda kanu kaja, bedi limodzi inu ndi mwana, basi mwamuluza nonse awiri."

A sosho ndi a boma oyang'anira za ana. Palibe Mmalawi kuno amene sanamvepo za wina amene analandidwa ana, ngakhale ukafunsa dzina lake aliyense amati anamva kwa mnzake. Tinagwirizana kuti bambo akafuna mwana aziyamba aimbira akulu a mpingo, tinapatsana chanza, tinamwa fanta.

Anaimba kamodzi kokha.

Miyezi yotsatirayo sindimakonda kuikumbuka, ndinangotopa. Ndinachonderera abwana kuti andipatse mashifiti a m'mamawa, ndizifika pa geti ndisanaone kholo lina lililonse. Ndinkaima pamene ndimatha kuona misewu yonse iwiri, galimoto iliyonse yotuwa ikakhota mtima uli phaa. Ndinadziwa magalimoto a makolo onse, ndinadziwa amene amabwera ndi agogo, amene amachedwa Lachisanu pochokera ku mzikiti. Koma bambo a mwana anaphunzira kubwera masana, n'kuuza a mu ofesi kuti mwana akupita naye kwa dokotala wa mano. Ndikafika pa geti ndauma kale ndi mphepo, aphunzitsi ankangondiyang'ana, ndadziwa. Ndinkabwerera kukakhala pa masitepe ndi jekete yomwe. Ndikaimbira akulu a mpingo ankati tipirire, bola akumubweza. Masiketi anayamba kundivuka.

Tsiku lina atamubweretsa, ndikumuvula nsapato, mwana anali atakwiya. Iye amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, ndiye anandiuza m'Chingerezi chakecho kuti adadi anamulowetsa m'kabokosi ka katani m'shopu, anamuchotsa riboni, anamuuza akhale mowongoka makutu aoneke, ndipo anamuletsa kumwetulira. Chimene chinamupweteka n'chimenecho. Anati chithunzi chanji chosamwetulira. Kenaka anagwira pakamwa, n'kunong'ona kuti akupita kukaona agogo ndi mbuzi, koma n'zachinsinsi.

Nsapato inagwa m'manja mwanga. Kabokosi kameneko ndikukadziwa, ndinakhalamo nane pojambulitsa chithunzi cha pasipoti. Pasipoti ya mwana ndinkayenda nayo m'chikwama kulikonse, ngakhale ku chimbudzi cha ku ntchito, koma munthu wodziwa kulemba akhoza kunena kuti inatayika. Apongozi anga akale chiyambire ankanena kuti mwana ndi wa kuchimuna. Ndinaganiza kuti mwina kumudzi pepala langa likagwira ntchito, inde, koma mudzi wawo uli m'malire, abale ena ali tsidya linalo. Ndikanakamufuna kuti, ndi ndani?

Sindinaimbire akulu a mpingo. Ndinaimbira akazi awo, mawu akupanikizana, mpaka anandiuza kuti ndiyambe ndapuma. Atamva za chithunzicho anati:

"Mwana wanga, tsiku lija sindinayankhule chifukwa abambo anali pompo. A sosho ndimakumana nawo ku chipatala. Mwana wako amadya, amasamba, amapita ku sukulu. Mawa uvale jekete undidikire pa siteji."

Anabwera ndi yunifomu yomwe, maso ali psuu ndi tulo, n'kunditengera m'tauni kwa maloya othandiza anthu osowa. Za ulendo wa mwana khoti linafulumira, linaletsa sabata yomweyo. Zinazo zinatenga nyengo yozizira ina yonse. Womasulira anali wa ku Zambia, Chinyanja chake ndinkachimva koma mawu ena ndinkangovomera. A jaji anawerenga pepala la kwathu, anati ukwati unathadi, zimenezo sakutsutsa, koma za mwana wokhala kuno aweruza okha. Ndiye zonse zimene ndinazinena pa mkeka, n'kuzinenanso pa boma, ndinazinenanso kachitatu pamaso pa anthu osawadziwa, za makofi, za usiku umene ndinagona m'khitchini, zonse, bambo a mwana ali potero ndi tayi akulemba m'kabuku.

Ku tchalitchi ena anasiya kundipatsa moni. Ankati ndatengera mwamuna kwa azungu. Akulu a mpingo ankandipatsabe chanza koma akuyang'ana kumbali.

Mayi wotumidwa ndi khoti anabweradi kudzaona kachipinda. Ndinali nditakolopa mpaka zala kusupuka, ndinabwereka maluwa apulasitiki kwa akazi a abutchala, mu furiji ndinadzaza zinthu zimene sitidya n'komwe. Furijiyo sanaitsegule. Anakhala pa bedi lathu limodzi lija, anajambula kanyumba pa pepala pamodzi ndi mwana, anamufunsa za amayi ndi za adadi, n'kumapita. Atatseka chitseko ndinakhala pansi pomwepo.

Chigamulo chinatuluka chakuti mwana azikhala ndi ine, asatuluke m'dziko muno popanda chilolezo, ndipo ku sukulu azitengedwa ndi ine ndekha. Koma bambo ake azimutenga Loweruka lililonse, popanda za ankhoswe. Malume atamva anati ndiye ndinapita kukapempha n'kubwerako atandichotsera. Ndinalibe mphamvu zowafotokozera. Ndinangoti mwana ali pano, akujambula.

Loweruka ndimamuperekeza pa basi mpaka ku Belgrave. Timapatsirana kutsogolo kwa laibulale, pamene pali anthu ambiri, sitiyankhulana. Kubwerera kunyumba sindimatha, kachipinda kamakhala zii kwambiri, ndiye ndimangoyenda mumsewu waukulu uja kuyang'ana ndolo zagolide m'mawindo, kupita n'kubwerera, mpaka alonda a m'mashopu anandizolowera, wina amandikodolera mutu. Kukazizira ndimalowa mu laibulale n'kukhala pafupi ndi zenera. Nthawi yobweza mwana imakwana, iwo kulibe. Amachedwa dala, pang'ono pokha, posafika poti ndikadandaule. Ndimaima ndi foni m'manja kuwerenga mitu ya anthu otsika mabasi. Kenaka amatulukira pa kona, mwana atagona pa phewa, amandipatsa osandiyang'ana. Walemera masiku ano. Ndimamubereka choncho mpaka pa siteji, azungu akuyang'ana, nsapato zake zikundigunda m'ntchafu.